Ndinanama kuti yadwala ndi mbuzi

Kamphaka kanga kanayamba kuyetsemula, maso ali manthongo okhaokha, kakupuma movutikira. Ndinaimbira foni alangizi a ziweto, koma poti apongozi anga anali pakhonde pomwepo, ndinati, "Kambuzi kanga kadwala chifuwa." Kuno ku Ligowe mkazi wodandaulira mphaka amamunena kuti ndi mfiti, chonsecho makoswe akalowa m'nkhokwe, onenawo ndi amene amadzabwereka mphakayo.

Alangizi anapalasa njinga mtunda wautali atanyamula mankhwala a mbuzi.

"Kodi kambuziko kali kuti, mayi?"

Ine mbuzi yodwala ndinalibe. Ndinaloza m'dengu momwe munagona kamphakako.

"Mukananena zoona, ndikanatenga mankhwala ake. Ndibweranso mawa."

Kamphakako sikanafike mawa. Mpaka lero ndimakwiyira mudzi wonse, koma pakamwa ponamapo panali panga.