Phula la pansi pa galasi

Bambo atamwalira, galimoto yawo inakhala chaka chathunthu pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Chimwankhunda, popanda woigwira. Inali yakalekale, yobiriwira, mipando yake yong'ambikang'ambika. Ine sindinkaifuna n'komwe. Ndinkagwira ntchito mu ofesi m'tauni, ndipo minibasi inkandikwanira.

Koma nthawi yokaika mwala pamanda a bambo kumudzi ku Nsanje itayandikira, amayi ananena mwachidule: "Ine ndipita pa galimoto ya bambo ako. Inandibweretsa kuno, indiperekezenso kwa iwo." Amayi akatero, basi, nkhani yatha. Miyendo yawo inali itayamba kutupa, ndipo tonse tinkadziwa mumtima kuti ulendo umenewu mwina ndi womaliza.

Tinaikoka mpaka ku Limbe, kuseri kwa masitolo, kwa mmisiri wina wachikulire wowotcherera magalimoto. Injini inalira tsiku lachiwiri lomwe. Ine, mayi wamkuluwamkulu, ndinavina pamafuta pomwepo. Mkuluyo sanaseke.

"Achemwali, injini si nkhani. Tabwerani kuno."

Anatsegula boneti, n'kuchotsa mawaipa, kenako anamasula kachitsulo ka mipatamipata kamene kamakhala pansi pa galasi lakutsogolo. Moyo wanga wonse ndinkayesa kuti n'kokongoletsa chabe. Kunsi kwake kunali kangalande kodzaza masamba a mango ovunda ndi matope. Fungo lake, abale! Anakumba ndi manja mpaka chitsulo chinaonekera, chofiira ndi dzimbiri. Atachibaya ndi sikuludiraiva, inangolowa ngati akubaya chigumu.

"Mvula ikatsetsereka pagalasi imagwera muno," anatero, "ndiye imayenera kutulukira m'timabowo tiwiri, uku ndi uku. Taonani nokha."

Timabowoto tinali titamatidwa ndi phula lakuda, louma gwa. Linalinso m'makona monse.

"Wina anamata dala. Madzi akhala akugona muno zaka ndi zaka."

Mtima wanga suchedwa kupsa, zimenezo ndimavomera. "Mbuli yake ndani imeneyo? Amakaniko a pansi pa mtengowa, akanganyase, angotiphera galimoto!" Mkuluyo ankagoba phulalo ndi tchizulo, ine n'kumakankhira zidutswazo mu ngalande ya m'mbali mwa msewu ndi nsapato yanga.

Anandifotokozera modekha. Pamene dzimbiri lili pamwamba, amapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, n'kupaka mankhwala, kenako penti. Pamene pabooka, amadula n'kuwotchererapo chigamba. Kenako anandiuza kuti ndigone chagada pansi pa chiwongolero, iye n'kuwalitsa tochi kuchokera pamwamba. Kuwala kunandigwera kumaso ngati ndili pansi pa sefa.

"Chitsulo chimene mukuonacho ndi chimene chimagwira buleki. Nditha kumata, n'kupenta, muione ngati yatsopano. Koma potsika phiri la ku Chikwawa mudzaponda buleki, phazi lidzangopitirira."

Kuti aikonze bwino pankafunika chitsulo cha galimoto ina ya mtundu womwewo, ndipo kuchipeza kukanatenga miyezi. Ife tinali ndi milungu itatu. Ndinachonderera, ndinakalipa, ndinachondereranso. Anangopukuta manja pa ovolosi.

"Amayi anu mmenemu sindiwaika ine. Pitani kwina ngati mukufuna."

Kunyumba ndinapeza amayi pakhonde akusankha nyemba, miyendo ataisanjika pa kampando. Ndinakhuthula zonse, za dzimbiri, za buleki, makamaka za chitsiru chimene chinamata mabowo. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu atauma.

"Watha? Anamata ndi bambo ako."

Ndinakhala pansi.

"Iwe unali kusukulu yogonera komweko. Mvula ikagwa, madzi ankadontha mbali yanga, pamapazi penipeni. Ndinkafika kutchalitchi nsapato zili chonyowa, azimayi n'kumandiseka kuti wa pagalimoto wanyowa kuposa woyenda pansi. Bambo ako zinawawawa. Anakapempha phula kwa anthu okonza msewu, n'kulisungunula m'chitini Loweruka lina. Paliponse pamene aona bowo ankamata, n'kumakanikiza ndi chala chachikulu. Chitinicho ndinkawagwirira ndine. Anapsa chala, koma sanalole kuti ndimateko ine."

"Ndiye madziwo anasiya?"

"Anasiya. Zaka zambirimbiri sindinanyowenso."

Ndinawasowa bambo nthawi imeneyo kuposa tsiku la maliro, ndi kuuma mutu kwawo komwe, munthu wa zolembalemba wosadziwa ngakhale kugwira sipanala. Ndinalakalaka atatulukira pakona kuti ndiwakalipire pamaso, andiyankhe monga ankachitira.

Amayi anapitiriza kusankha nyemba. "Chabwino, tikwera minibasi. Bambo akowo amvetsa. Koma ukawauze a ku Limbewo asachotse phulalo. Zala zawo zinadinda pamenepo. Tikabwerako ndidzapite ndikaone."

"Chabwino, amayi," ndinatero.

M'mawa mwake sindinapite ku ofesi. Ndinatsika ku Limbe, n'kukagwada m'mbali mwa ngalande ija ndi siketi yanga yakuntchito kufunafuna zidutswa za phula zija, ogulitsa malonda akundiyang'ana ngati ndapenga. Mvula inali itagwa, madzi atakokolola zonse. Mkulu uja anafufuzanso mu galimoto ndi tochi yake, koma ntchito yake anali ataigwira bwino, sipanatsale kanthu.

Ku Nsanje tinapita pa minibasi, amayi atakhala kutsogolo, miyendo ili pa chikwama changa. Titabwerako anandifunsa kawiri za ulendo wa ku Limbe, ine n'kumati mawa. Kachitatu sanafunsenso.