Bwerera, Galu Amene Ankadziwa Kuthawa

Inu amene mumati Mulungu anakuumbani akusinza, senderani kuno ndikuuzeni za Yobu.

Munali m'zaka zija za makuponi a feteleza wotsika mtengo. M'mudzi wina kumadzulo kwa Chulu anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuti amve amene alandire. Maina atatha, Yobu anaimirira kumbuyo, chipewa chili m'manja. Ankafuna kungofunsa ngati munthu wobwera ngati iye angaganiziridweko.

"Ndi-ndi-ndi... ndima-ma-ma..."

Mawu anakanirira pakhosi. Wina kumbuyo analira ngati kamwana ka mbuzi, "Me-e-e-e," ndipo bwalo lonse linafa nalo phwete. Yobu anavala chipewa chake n'kukhala pansi. Pobalalika anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti amene athire feteleza adzamusungireko matumba.

Yobu anali tenanti wochokera ku Phalombe. Chaka chimene fodya wa bale anagwa mtengo ku okushoni, mwini esiteti imene ankalimako anangotseka geti n'kusowa. Matenanti anzake amene anali ndi kwawo anakwera malole. Yobu kwawo kunalibe ngakhale mzere umodzi woti n'kuloza kuti uwu ndi wanga. Anatsala pamsewu ndi mkazi wake Feggie, khanda lawo Tithokoze kumsana, mphasa ndi galu.

Chibwibwi chake chinali chija choti moni akamuyamba m'mawa, woyankha amayamba wakatunga madzi. Mawu ake ankanjenjemera, ndiye ana anamupatsa dzina loti Kambuzi.

Nanga galuyo? Musandiseketse. Alenje a m'mudzimo anamuyesapo ku uzimba kamodzi kokha. Atangoona gwape, anatembenuka mchira uli m'miyendo, liwiro la mtondo wadooka mpaka kukalowa pakati pa miyendo ya mbuye wake. Ndi nkhuku ya anapiye yomwe inkamupirikitsa. Dzina loti Bwerera linachokera pamenepo.

Amene anawamvera chisoni anali mayi Dorika Mphepo, mayi wamasiye wa khola lalikulu la mbuzi. Anawalozera chigafa chakale, chija ankapachikamo fodya malemu amuna awo.

"Khalani umu," anatero. "Bola mbuzi zanga muziweta. Mbuzi zilipo, inunso mulipo."

Chigafa chilibe khoma, ndi denga ndi mizati basi. Yobu ndi Feggie anasoka matumba aja n'kutchinga mbali zonse. Anzawo feteleza anali m'munda, iwo matumba anali nyumba. Koma ankagona tulo, pakuti anali ndi poti pathu.

Ndiye kunabwera nkhandwe.

Chilimwe chimenecho tchire litapsa, nkhandwe ziwiri zinakhazikika kudambo kumene mbuzi zinkadya. Sizinkalimbana ndi mbuzi zazikulu. Zinkangotola tiana, lero kamodzi, mkuja kena. Misampha zinkailambalala. Agalu olusa akabwera gulu, izo zii, ngati kulibe. Agalu akapita, kamwana kena kapita.

Mwana wa mayi Dorika, Geoffrey, amene ankapalasa kabaza ku Nkhamenya, anamva nkhaniyi ndipo anabwera. Sanali munthu woipa. Ankangodera nkhawa mayi ake.

"Amayi, mukuwetera nkhandwe apa," anatero. "Mvula isanagwe ndibwera ndi wogula, tigulitse zonse zikadalipo."

Yobu anamva ali kuseri kwa khola. Mbuzi zikapita, ntchito yatha, chigafa chatha, ndipo mvula iwapeza pamsewu ndi khanda. Tsiku limenelo sanadye.

Koma taonani mmene Mulungu amatsegulira njira pamene munthu sayang'anapo.

Masana ena mbuzi yaikazi inasochera m'bango la kudambo. Yobu anali ndi chizolowezi chimene ankachibisa chifukwa cha manyazi. Akafuna kuitana mbuzi yoyamwitsa, ankalira ngati kamwana kake, ndipo inkabwera ikuthamanga. Polankhula lilime lake linkapunthwa, koma polira chimbuzi linkayenda myaa. Kunjenjemera kuja anthu ankaseka ndi kumene kunkapangitsa kuti kulirako kumveke kwenikweni.

Anakhala pachulu n'kulira. M'bango munatuluka makutu awiri osongoka. Sinali mbuzi.

Bwerera, amene ankanunkhiza patsogolo, anakumana nayo maso ndi maso. Anakuwa kamodzi n'kuliyatsa liwiro. Ndipo nkhandwe ija, imene inkabisalira agalu olusa, itaona kagalu kowonda kakuthawa m'dera lake, inaiwala nzeru zake zonse. Inamuthamangitsa mpaka pafupi ndi mapazi a Yobu. Iye anaponya chibonga, n'kuphonya. Nkhandweyo inathawira m'bango muja.

Kunyumba anafotokozera Feggie, ndipo nkhaniyo inatenga nthawi, koma Feggie anali munthu wodziwa kudikira mawu a mwamuna wake.

"Ndiye kuti pakamwa panupo imamva, galuyunso imamutsatira," anatero Feggie. "Chasowa n'chiyani, bambo a Tithokoze?"

"U-u-ukonde."

Feggie anayang'ana makoma a matumba aja. Anangotenga mpeni n'kuyamba kudula msoko.

Anagwetsa makoma a nyumba yawo ndi manja awo, abale anga. Anamasula ulusi wa matumbawo, Feggie akupota zingwe pantchafu mpaka khungu linasupuka, Yobu akuluka. Fumbi la mwezi wa Okutobala linkalowa m'chigafamo mmene likufunira. Odutsa ankati banja la Kambuzi lapenga.

Yobu anayala ukondewo m'mwamba pa mikangala, timitengo tija topachikira fodya, pakati pa chulu ndi chitsamba. Anamangirira chingwe choti akakoka, mikangala igwe, ukonde uvindikire chili pansi.

Ulendo woyamba nkhandwe inafika patali, n'kukweza mphuno, n'kubwerera. Mphepo inali itaitengera fungo la fodya la m'malaya ake. Yobu anaphunzira kukhala kumene mphepo ikupita, atadzola ndowe za mbuzi. Ulendo wina ukonde unkawala padzuwa ngati chitenje chatsopano, ndiye anakauviika m'matope a kudambo. Tsiku lina anakoka chingwe msanga, ndipo amene anakodwa anali Bwerera. Mudzi wonse unamva kuti Kambuzi wapita kosaka n'kugwira galu wake yemwe. Anthu anaseka mpaka kutchalitchi.

Kamwana kena ka mbuzi kanapitanso. Mitambo inayamba kusonkhana. Yobu ankangobwerera kudambo, tsiku ndi tsiku, mitu ya matemba ili m'thumba, kuphunzitsa galu wake kuti pothawa azidzera pansi pa ukonde. Kuthawa sanachite kumuphunzitsa, anabadwa nako. Anangomuphunzitsa kothawira.

Kenako Geoffrey anafika ndi wogula mbuzi uja. Wogulayo ndinali ine, ndiye zimene zikubwerazi sindinachite kumva. Ndinabwera ndi njinga yanga ndi zingwe zomangira, ndipo maso anga anali kale pa tonde wamawanga.

Yobu anaima pakhomo pa khola. Milomo inkagwedera, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Ine ndinkafuna kumumalizira mawu, koma mayi Dorika anandiyang'ana diso limodzi, ndinatseka pakamwa.

"A-a-achimwene," anatero kwa Geoffrey. "Ti-tiyeni mu-mukaone kaye."

"Pita mwanawe," anatero mayi Dorika. "Mbuzi sizithawa."

Tinapita dzuwa litapendeka. Yobu anatola fumbi n'kulimwaza kuti aone kumene mphepo ikulowera, kenako anatigoneka chafufumimba kuseri kwa chulu. Ine ndinkangoganiza za zitedze ndi njoka. Anasisita Bwerera pamutu n'kumuloza kudambo. Galuyo anapita monyinyirika, akucheukacheuka, ngati mwana wotumidwa kwa aneba aukali.

Pamenepo Yobu anaphimba pakamwa ndi zikhatho, n'kulira.

Ine ndagula ndi kugulitsa mbuzi moyo wanga wonse. Ndimadziwa kulira kwa mbuzi ya njala, ya ludzu, yofuna tonde. Koma uku kunali kulira kwa kamwana kamene kakodwa mwendo ndipo kadziwa kuti mayi ake ali kutali. Kunayamba mokweza, kunanjenjemera, kunasweka pakati, kenako kunatsika ngati mphamvu zikutha. Tsitsi linandiimirira. Kumudzi kuja mbuzi zonse zoyamwitsa zinayamba kuyankha m'khola. Ndinayang'ana munthu uja amene sankatha kunena moni, ndipo ndinachita mantha, mantha aja amakugwira m'tchalitchi nyimbo ikakufika pamtima.

Dambo linangoti zii. Ndi njiwa zomwe zinasiya kulira.

Bango linagwedezeka. Inatuluka imodzi, yotuwa, mchira wansonga yoyera, ikuponda ngati pansi pakuotcha. Pambuyo pake inatuluka inzake. Geoffrey anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa.

Bwerera anaziona. Ndinati basi, athawa pompano. Koma zinali zikadali patali, ndipo galu uja, miyendo ikunjenjemera moonekeratu, anaima. Anauwa kamodzi ndi mawu ake oonda aja. Zinasendera. Anabwerera pang'ono, n'kuimanso, n'kucheuka. Yaimuna inatsitsa mutu n'kuthamanga.

Ha, liwiro limenelo! Bwerera ankauluka pamwamba pa zitsa zakupsa, makutu atagona, fumbi la phulusa lili kobo pambuyo. Yaimuna inamupeza pafupi ndi chitsamba n'kumung'amba khutu. Galuyo analira koma sanakhote. Analunjika pansi pa ukonde, nkhandwe zonse ziwiri zili pamchira, ndipo anatulukira mbali ina n'kudzigwetsa pakati pa miyendo ya Yobu.

Yobu anakoka chingwe.

Mikangala inagwa. Matumba aja a feteleza amene iye sanathirepo m'munda anavindikira zonse ziwiri. Zotsalazo inali ntchito ya chibonga, ndipo anaichita mwachangu, mosazunza.

Yobu anagwada, anang'amba mkono wa malaya ake n'kumanga khutu la galu wake. Misozi inkatsika, iye osaipukuta. Geoffrey anavula kapusi yake, anaima nayo m'manja nthawi yaitali.

"Akulu," anatero kwa ine potsiriza, "pepani, mwavutika ulendo. Mbuzi sizikugulitsidwa."

Ndinabwerera kwathu ndi njinga yopanda kanthu, zingwe zili lendelende. Sindinasangalalepo chotero pa ulendo umene sindinagule ngakhale nkhuku.

Mvula yoyamba inawapeza m'chigafa chomwecho. Geoffrey anatsala masiku angapo kuwathandiza kuumba zidina, ndipo makoma atsopano sanali a matumba. Mayi Dorika anawadulira munda kuseri kwa khola n'kuwauza kuti manyowa a mbuzi atenge mmene angathere. Chimanga chimene chinatuluka pamenepo anthu a makuponi ankaima panjira kuchiyang'ana.

Mbiri inayenda. Enatu anayamba ndi kunong'ona kuti munthu woitana nkhandwe ndi mfiti, koma nkhandwe zitalowa m'makola mwawo, iwo omwewo ndi amene anabwera chipewa chili m'manja. Anthu ankachokera mpaka ku Simlemba kudzamutenga panjinga, galu wa khutu limodzi ali m'dengu kumbuyo. Ankathokoza ndi kamwana ka mbuzi. Lero Yobu ali ndi khola lake, ndipo chibwibwi chake chili pomwepo. Kusiyana kwake n'kwakuti akayamba kulankhula, anthu amadikira.

Ndinakumana naye pamsika chaka china ndipo ndinamufunsa ngati dzina lija la Kambuzi limamuwawabe. Anaseka, anasisita khutu lotsala la Bwerera, n'kutenga nthawi yake.

"Mu-mu-mulungu," anatero, "sa-sanalakwitse pa-pakamwa panga."

Inu amene mukuwerenga, mwina muli nacho chimene anthu amakusekani nacho, chimene inu nomwe mumachibisa. Mwina mwaponya chibonga n'kuphonya, mwina mwatchera ukonde n'kugwira galu wanu yemwe, mudzi wonse n'kumva. Bwereraniko mawa. Yobu anagwetsa makoma a nyumba yake asanagwire kanthu, ndipo anapitabe kudambo anthu akuseka. Amene anakuumbani sankasinza ayi.

Osataya mtima.