Lumbiro la Mkamwini Wosasudzulidwa

Chiyao ndinachiphunzira kwa mkazi wanga. Ine ndine wakumtunda, cha ku Khombedza. Iye anali wakunyanja, kwa Maganga. Ndikalakwitsa mawu ankandiseka, kenako n'kundibwerezetsa mpaka lilime litawongoka. Anamwalira titangotha zaka zitatu m'banja, ndipo chinenerocho chinatsala m'kamwa mwanga popanda wolankhula naye.

Nditamva kuti kukhoti akufuna womasulira wodziwa Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi, ndinalembera. Mayeso ndinakhoza. Anandiuza kuti ndikhale miyezi iwiri pambali pa womasulira wamkulu, bambo wina amene anatsala pang'ono kupuma pantchito, kenako ndidzalumbire ndi kulembedwa m'kaundula. Bamboyo sankalankhula zambiri, koma chinthu chimodzi ankachibwereza: "Mlandu wa m'bale wako sumasulira. Ukamuona kutsogoloko, imirira, unene. Ukabisa n'kudziwika, dzina lako alifufuta."

Kwawo kwa mkazi wanga, mkamwini woferedwa amamusudzula. Akuluakulu amakhala pansi n'kumuuza kuti chibale chatha, akhoza kukakwatira kwina. Ine anali asanandisudzule. Chaka chinali chitadutsa, ndipo malume a mkazi wanga, eni mbumba, anali asanapondeko kunyumba kwanga chichitikireni sadaka ya masiku makumi anayi. Sindinkawakumbutsa.

Lachinayi lina m'mawa malumewo anatulukira panjinga, atamangirira kathumba ka mpunga wa ku Lifuwu.

"Akamwini, mwaondatu. Boma silikukudyetsani?"

"Sindinayambe kulidya bomalo, malume."

Anaseka kwambiri kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. Atakhala pampando anati, "Takuchedwetsani. Lamulungu lino mubwere, tikusudzuleni. Mwamuna wa msinkhu wanu kumadziphikira yekha, anthu akutinena."

"Changuchi n'chachiyani?"

"Chaka chathunthu mukuti changu? Inu ophunziranu!" Maso awo anali pa shati yoyera imene ndinaipachika pachitseko. "Kulumbira kuja ndi Lachiwiri, eti? Inshallah ziyenda bwino."

Za Lachiwirizo ndinali ndisanauze munthu aliyense wa kwa Maganga.

Nditafika kukhoti tsiku lomwelo ndinawerenga ndandanda wa milandu ya sabata yotsatira. Pa Lachitatu panali mkangano wa munda wa mpunga ku Lifuwu. Mbali ina anali mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga. Mbali inayo anali mayi wachikulire amene kalaliki anandiuza kuti amalankhula Chiyao chokha. Womasulira wamkulu anali atapempha tchuthi sabata imeneyo. Choncho mawu onse a mayiyo anayenera kudutsa pakamwa panga.

Ndinawerengetsa masiku ndili chiimire pamenepo. Lamulungu andisudzule, Lachiwiri ndilumbire, Lachitatu ndiime m'khoti ndisalinso m'bale wa aliyense. Wina akafunsa, mudzi wonse uchitire umboni kuti chibale chinatha mwamwambo. Pambuyo pake palibe angandipemphe kuti ndiname. Kungofewetsa liwu apa, kusiya theka la chiganizo apo, basi.

Koma malume sanapemphe kanthu. Ndinayesa kukumbukira mawu awo onse ndipo sindinapezemo cholakwa. Mwina tsiku la lumbiro analimva kwa anthu a m'minibasi. Mwina chifundo chinangowafikira mochedwa. Ndinadzikayikiranso ine mwini: kodi ndinkateteza lumbiro, kapena ndinangopeza chifukwa chokanira kuti anthu anene poyera kuti mkazi wanga salinso wanga?

Lamulungu ndinapita. Anali atayala mikeka pansi pa mtengo wa mango, azakhali awiri atakhala kale, mlamu wanga ataima patali akukonza tcheni cha njinga chimene sichinkaoneka chowonongeka. Ndinagwada n'kupempha kuti mwambowo udikire kaye.

"Udikire chiyani?" anafunsa malume.

"Mtima wanga sunakonzeke."

Mlamu wanga anasiya tcheni chija n'kulowa m'nyumba.

Lachiwiri ndinakweza dzanja, ndinalumbira kuti ndidzamasulira moona, osawonjezera kapena kuchotsera. Dzina langa linalowa m'kaundula. Lachitatu mlandu utaitanidwa, mayi uja analowa akuyendera ndodo, ndipo ndinaimirira asanatsegule pakamwa.

"Bwana woweruza, mmodzi wa okanganawa ndi mlamu wanga."

Woweruzayo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mkazi wanu ndi mlongo wake?"

"Anali, bwana. Anamwalira."

"Ndiye chibalecho chikadalipo?"

"Chikadalipo, bwana. Sanandisudzule."

Analemba, n'kuimitsa mlanduwo mpaka womasulira wamkulu atabwerako. Mayi uja sanamve chimene chachitika. Anayang'ana uku ndi uku, ndipo ndinapempha chilolezo kuti ndimuuze tsiku lodzabweranso. Amenewo ndiwo anali mawu anga oyamba a Chiyao monga womasulira wolumbira, ndipo ndinawatchula mmene mkazi wanga anandiphunzitsira.

Panja ndinapeza malume akumasula njinga pamtengo.

"Akamwini, mpunga uja unakoma?"

"Sindinaulawe, malume."

"Phikani, ungafumbwe." Anakwera njinga n'kumapita, osanditchulira Lamulungu lina.

Mpungawo ndinaphika mlandu utatha. Mpaka lero sanandisudzule, ndipo sindinadziwebe ngati akundilanga kapena akundimvera.