A Tayi Asiya Banki N'kukakonza Mipando

Anthu a mumsewu umene ankakhala ankawatchula kuti a Tayi, chifukwa kwa zaka khumi ndi zisanu palibe anawaonapo khosi lili pamtunda, lopanda tayi. Ankagwira ntchito kubanki, mu ofesi yopanda windo, momwe makina oziziritsa mpweya ankalira ngati akudwala chifuwa. Ntchitoyo ankaidziwa bwino, ndipo chifukwa choidziwa bwinocho mabwana ankangowasenzetsa ina pamwamba pa inzake.

Kutopa kunalowa mwakachetechete. Anayamba kuiwala mayina a anzawo a mu ofesi. Chakudya chimene akazi awo ankawalongedzera ankabwera nacho chosatsegula n'komwe. Foni ikalira, ngakhale Lamlungu, mtima unkagunda mpaka kumveka m'makutu. Lolemba lina anafika kuntchito n'kuimika galimoto, koma dzanja linakana kutsegula chitseko. Anakhala momwemo maola atatu, maso ali pakhoma, mpaka mlonda anadzagogoda pagalasi kufunsa ngati bwana ali bwino. Dokotala anawauza mosabisa kuti magazi akuthamanga kwambiri, ndipo akapitiriza chonchi adzagwera padesiki.

Atanena kunyumba kuti akusiya ntchito, akazi awo, omwe ndi aphunzitsi, sanayankhe kwa masiku awiri. Amayi awo ndiwo sanazengereze.

"Mwanangu, anzako atopa ndi kuyenda wapansi kufuna ntchito. Iwe watopa ndi kukhala pampando?"

A Tayi anangoti, "Ndikufa, amayi. Kungoti sizikuoneka."

Kuseri kwa msika kunali mmisiri wina wokalamba, wokonza masofa ndi mipando, yemwe maso anali atayamba kumuvuta. A Tayi anakamupempha kuti awaphunzitse. Mkuluyo anagwira zikhatho zawo, n'kuseka kuti zofewa chonchi angazigwiritse ntchito ngati siponji. Komabe anawapatsa pulayala kuti ayambe ndi kuzula misomali yakale. Anazula misomali mwezi wathunthu. Kenako anaphunzira kudula nsalu, kukoka masipuling'i ndi kusoka m'makona osasiya makwinya. Patatha chaka mkuluyo anawagulitsa shedi imene ankagwiriramo ntchito ndi zida zake zonse.

Sizinayende msanga. Sofa loyamba limene anakonza okha linabwezedwa, mwini wake akunena kuti likumukankha kumsana. Galimoto anagulitsa. Mwana wawo wamkazi anamuchotsa kusukulu yodula imene ankaikonda, ndipo mtsikanayo anatha miyezi ingapo akuwayankha ndi mutu wokha. Izi ndi zimene zinawapweteka koposa. Masana ena anakhala pansi pakati pa zidutswa za nsalu n'kulira, kenako anadzuka n'kumaliza mpando wa mayi wina amene ankaufuna Lachisanu.

Akazi awo ndi amene anayamba kuona kusintha. Anauza alamu awo kuti bambo ayambiranso kudya, ndipo tsopano munthu ukamalankhula nawo amakumva.

Chaka chachinayi chili mkati, shediyo yakula pang'ono ndipo ntchito siisowa, ngakhale ndalama sizifika pa zomwe ankalandira kale. Zala zawo zinauma, chala chamanthu chakumanzere chinapindika ndi hamala. Mwana uja anazolowera sukulu yatsopano, koma nkhani ya sukulu yakale ija saitchula, ndipo iwonso sanapezebe mawu oyambira.

Mwezi wathawu kunabwera mnzawo wa kubanki kuja, atanyamula mpando wothyoka mwendo. Atacheza zina ndi zina, mnzawoyo anatsitsa mawu n'kufunsa ngati amanong'oneza bondo. A Tayi anaganiza kaye. Anamuuza kuti inde, masiku ena amatero, makamaka akayang'ana mwana wawo. Anamuuzanso kuti asaganize kuti kuno kulibe kutopa, kungoti kutopa kwake kumatha munthu akagona.

Mnzawoyo anasisita mwendo wa mpando uja. Ankayenera kubwerera ku ofesi ikamakwana thu koloko, koma anakhalabe pabenchipo mpaka mvula inayamba.