Rintaro Hasumi, Wogoletsa ndi Matako

Rintaro Hasumi ndinayamba kumumeta adakali wa mamina m'mphuno, ndiye za iye musandiuze.

Mayi ake amagulitsa tofu, chakudya choumba kuchokera ku soya, pafupi ndi pometera panga, kuno ku Ehime m'dziko la Japan. Ali mwana ndiye ankaperekera makasitomala m'makomo, ndipo liwiro analiphunzirira pamenepo, poti akachedwa mayiwo ankamudikirira pakhomo ndi chipande. Atamaliza sekondale, timu ina ya mu ligi yachiwiri inamutenga. Chaka choyamba anangothamanga ngati galu wolumidwa ndi mavu, koma chigoli osachiona.

Tsiku lake linabwera ndi mvula, pa masewero otsiriza a chaka. Akanalephera kupambana, timu ikanatuluka mu ligi. Nthawi itatsala pang'ono kutha, Rintaro anaterereka pafupi ndi golo ya adani n'kugwa chogwada, nkhope m'matope. Goloboyi pofuna kuuchotsa mpira anaumenya ndi mphamvu zonse. Mpira uja phwa! pamatako a Rintaro, n'kubwerera mu ukonde.

Pofika mawa lake, Japan yense anali ataonera kanemayo pafoni. Ochemerera anamupatsa dzina loti Pichesi, poti chipatsocho chimaoneka ngati matako. Atsikana anayamba kudzaza bwalo atavala zipewa zooneka ngati mapichesi, ndipo kampani ina yosoka makabudula inamuika pachikwangwani chachikulu pasiteshoni ya sitima, atafulatira.

Anabwera kudzameta nkhope ili gwaa.

"Amalume, ine ndimasewera ndi miyendo," anatero.

"Khazikika, ndingakudule khutu. Miyendo aliyense ali nayo."

"Nanga matako ena alibe?"

"Ali nawo, koma awo sagoletsa."

Kunyumba nakonso sanapeze mpumulo. Mayi ake anali atayamba kuumba tofu wonga pichesi, ndipo anthu ankaima pamzere mpaka pakhomo panga.

"Amayi, mukundichititsa manyazi!"

"Manyazi a chiyani? Amenewo ndinkawapukuta ndine. Ndileke ndiwadyerere."

Mnyamatayo zinamuwawa zenizeni. Anzake akaweruka, iye ankatsala pabwalo kumenya mpira mpaka zala kutupa. Chaka chotsatira anagoletsa chigoli chokongola, cha mwendo wamanzere, ali kutali, goloboyi n'kungoima ngati mtengo. Masewero atatha mtolankhani anamufunsa ngati sanaganizeko zotembenuka kaye. Rintaro anamusiya pomwepo n'kupita kukasamba.

Timu ina ya ku Portugal itamuitana, sanaganize kawiri. Ankati kumeneko palibe amene akudziwa za pichesi. Atatsika ndege, anapeza wapampando wa timuyo akumudikirira ndi dengu la mapichesi, atolankhani ali pambali. Zaka ziwiri anakhalako, zambiri ali pabenchi. Atabwera ndinamuuza kuti azungu aja anadziwa chiwalo chimene anagula. Sanaseke, ndipo anakameta kwina mpaka chilimwe chinatha.

Lero ndi kaputeni wa timu yake yakale ija. Amasewera pakati, amagawa mipira mwanzeru, ndipo achinyamata amamuopa. Anakwatira Chizuru, mayi woyendetsa basi ya timuyo, yemwe mpira sakuufuna n'komwe. Masewero akayamba iye amagona m'basimo. Akuyembekezera mwana mwezi wamawa. Rintaro walumbira kuti mwanayo adzakhala dokotala wa mano, koma agogo a mwanayo, a tofu aja, agula kale tinsapato ta mpira ndipo atibisa kwa ine.