Kukatenga Dzina kwa Kapondo

Lamulungu limenelo ndinadzuka magetsi atazima, foni yanga ili ndi moto wa 64 peresenti. Ndinaiyang'ana n'kuiuza kuti, "Iwe, lero usandichititse manyazi." Ndinatseka chitseko n'kuthamangira ku depoti ya Lilongwe, tchaja nditaisiya ili lende pakhoma. Zoti ndaiiwala ndinadziwa titadutsa kale Chitedze.

Ulendo unali wa kwathu kwa Kapondo, ku Mchinji, kukatenga dzina. Mng'ono wanga Felesiya anali atabereka mwana wamkazi ku Joni, ndipo m'mawa mwake, Lolemba, ankayenera kukamulembetsa ku ofesi. Iye ankafuna kuti dzina lichokere kwa abambo athu. Koma abambo, titawatumira uthenga pa kafoni ka mabatani ka akatekisiti, anayankha kuti dzina satumiza ngati mchere. "Ndimuone mwanayo ndi maso angawa, nayenso andimve ndikumuitana." Foni alibe. Yawo inagwera m'chitsime cha kudimba ndipo anati ikhale momwemo. Chinanso n'chakuti Felesiya anapita ku Joni patangotha mwezi tiikire amayi m'manda, abambo akuletsa, moti awiriwa anali asanalankhulane zaka zinayi. Ndiye mlamu wanga, mwamuna wa Felesiya, anali atanena kale kuti dzina likapanda kufika pofika m'mawa, mwana akhala Princess. Ine Rozina ndili moyo, mdzukulu wa abambo n'kukhala Princess? Ayi ndithu. Tinapangana kuti ndidzaimba pa vidiyo 3 koloko masana ndili pambali pa abambo.

Kondakitala anati K12,000. Ndinamufunsa ngati minibasiyo ikafike ku Lusaka, tinagwirizana K10,000. Anakuwa kuti "watsala mmodzi" kwa ola lathunthu, ndipo tinanyamuka hafu pasiti 8, kukuzizira ndithu, paja unali mwezi wa Juni.

Pambali panga panakhala mayi wina wojintcha, wopita ku Chipata kukaoda zitenje. Atandifunsa za ulendo, ine pakamwa pangapa sipasunga kanthu, ndinatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha mwana. Basi kulakwa kunali komweko. Foni inachoka m'manja mwanga, inapita mpando wakumbuyo, inabwerera, inafika mpaka kwa dalaivala. Aliyense ankafuna kukulitsa chithunzi kuti aone mphuno. Ineyo ndinkangosekerera ngati ndabereka ndine.

"Inu muli nawo angati?" anandifunsa mayiyo.

"Ndilibe," ndinatero. Banja langa linathera pomwepo zaka zambiri zapitazo, koma zimenezo sindinanene. Mayiyo sanafunsenso. Anangosenda nthochi n'kundipatsa.

Pa Namitete anyamata a chimanga chootcha anaunjikana pa mawindo, ndinagula chimodzi cha K500. Foni itabwerera kwa mwini wake inali pa 49. Mayi wa zitenje anasuzumira pagalasi n'kufunsa kuti ndili pa netiweki iti. Nditamuuza, anapukusa mutu.

"Imeneyo kwa Kapondo? Amayi, kumeneko imagwira ya kampani inayo. Yanuyi imathera pa tala. Ndipo ikani pa kandege, foni ikamasakasaka netiweki imadya moto koopsa."

Apa m'pamene ndinakumbukira. Chaka chatha ndinapita kumudzi ndi kafoni kakale, kali ndi simu ya kampani inayo. Foni yatsopanoyi ndinaigula pa mtengo wotsitsa mu shopu ya kampani yomwe ndili nayo pano, ndipo ndinauza aliyense pamsika pathu kuti ndatola. Sindinafunse chilichonse. Ndinangoona kukula kwa galasi.

Tinadutsa Kamwendo, malole a mabelo a fodya akutipatsa fumbi, n'kufika pa boma la Mchinji cha m'ma 11. Ndinalunjika pa ambulera ya ogulitsa masimu, ndinaonetsa chitupa cha unzika, ndinagula simu ya kampani inayo, ndinaikamonso bandulo. Nditailowetsa mu foni, foni inalemba Chingerezi chake n'kufuna manambala achinsinsi. Ndinazimitsa, ndinayatsa. Chimodzimodzi. Ndinazimitsanso. Wogulitsayo anandilozera kwa bambo wokonza mafoni kuseri kwa msika.

Bamboyo sanachedwe nayo. "Iyi ndi yokhoma, mayi. Anakugulitsani motchipa kuti muzikhala kwawo konko. Simu ya eni ena siilola."

"Ndiye tsekulani."

"Nditha, koma mudzatenge mawa, magetsi kuno kulibenso. Ndipo zonse zili m'katimu zifufutika."

M'katimo munali zithunzi za amayi zomwe ndinasamutsa ku foni yakale. Ndinailanda foniyo m'manja mwake ngati akufuna kuiba. Ndinabwezeramo simu yakale, ndipo kuyatsayatsa kuja kunali kutanditsitsira pa 33.

Potchajira pa sola panali mafoni ambirimbiri pa thabwa, koma chingwe cha kamwa ngati ka foni yanga chinali chimodzi chokha, ndipo chinali pa foni ya dalaivala wa thiraki wodikira mapepala a pa boda. Anali pa chiwaya pafupi pomwepo akudya tchipisi. Nditamufotokozera, anapukuta manja pa ovolosi n'kukazula foni yake.

"Tchajani, amayi. Mwana wanga womaliza ndinayamba kumuona pa foni ndili pa mzere ku doko. Pofika kunyumba anali akukwawa."

Ndinagula tchipisi cha K2,000 n'kudya naye limodzi. Koma kunja kunali mitambo, sola inkangopereka moto pang'onopang'ono. Patatha mphindi makumi anayi foni inangofika pa 41. Nthawi inali itakwana 1 koloko. Ndinathokoza, ndinazula.

Wa kabaza wa njinga yamoto amene ndinapeza anali bambo wa imvi, a Mbewe, amene anati anasiya fodya atatopa ndi kulira ku okushoni. Tinagwirizana K9,000. Tala anatha, tinalowa msewu wafumbi, uku ndi uku anthu akukumba mtedza, ena akupuntha soya pa malona. A Mbewe ankayendetsa mwaulemu, akupepesa pa bampu iliyonse. Tili m'kati mwa ulendo, foni inalira m'chikwama. Ndinawagwira phewa kuti aime.

Unali uthenga wondilandira ku Zambia. Ine ndili pa msewu wakwathu, pasipoti ndilibe, koma foni yawoloka kale malire! Ndinali nditaiwala kubwezera pa kandege paja, ndiye njira yonseyo inali ikusaka netiweki mpaka inakagwira ya eni ake tsidya linalo. Moto unali pa 17. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, misozi ili m'maso, n'kuwauza a Mbewe zonse, kuyambira Princess mpaka chitsime cha kudimba.

Anatulutsa foni yawo. Galasi lake linali losweka ngati laponderezedwa ndi ngolo, theka lakuda bii. "Iyi kamera inafa kalekale, akuluwo sangaonepo kanthu. Koma simu iliyonse imalola, ndipo hotisipoti imagwira. Bweretsani simu yatsopano ija tiike muno. Yanga ikoka netiweki, yanu ingokwera nawo. Paja ntchito yanga ndi yokweza anthu."

Ndinaseka misozi ili m'masaya. Foni yanga ndinaizimitsiratu.

Tinafika kumudzi 3 koloko itatsala pang'ono. Abambo anali pakhonde akusenda mtedza, atavala jekete la kutchalitchi, ndevu atameta. Ankachita ngati sakudikira aliyense. Ndinagwada kuwapatsa moni, mtima uli pa wotchi, koma iwo malonje sadumpha. Anafunsa za ku Lilongwe, za msika, za mwendo wanga. Anafunsa a Mbewe kwawo, mfunda wawo, mpaka anapeza kuti amalume awo a a Mbewe anaphunzira nawo limodzi ku Ludzi.

"Abambo, foni ilibe moto," ndinatero.

"Nanga ine ndiye ndaumwa?"

Netiweki kwathu imagwira pa chulu cha kuseri kwa chigafa, aliyense amadziwa. Abambo anakwera ndi ndodo yawo, akukana kugwiridwa mkono. A Mbewe anaima pamwamba penipeni atakweza foni yawo m'mwamba. Ndinayatsa yanga, inali pa 14. Inagwira. Ndinaimba.

Nkhope ya Felesiya inatulukira. Ndinawapatsa abambo foni, anaigwira ndi manja awiri, kutali ndi nkhope. Ine maso anali pa kangodya ka galasi: 12, kenako 11.

"Abambo," anatero Felesiya.

"Wanenepa."

"Inu mwaonda, abambo."

"Akundiphikira ndani?"

Felesiya anayamba kulira. "Mundikhululukire, ndinachoka moipa. Nyumba ija popanda amayi inkandilemera."

Abambo anasendeza foni pafupi ndi nkhope. "Inkatilemera tonse. Zatha zimenezo. Tandionetsa mkazi wangayo, foni ya mkulu wakoyi ndi yaulesi."

Kwathu agogo aamuna amatcha mdzukulu wamkazi mkazi wawo, ndipo Felesiya atamva mawu amenewo analira mosekerera. Anatembenuza foni. Kamwana kanali maso, kakuyasamula, kali m'kabulangete koyera. Abambo anavula chipewa. Anakayang'ana, anakayang'anabe. Anati chipumi ndi cha amayi athu. Anati makutu ndi a kuchimuna, koma palibe kanthu, akula nawo. Anakaimbira kamluzu kamene amaitanira nkhunda zawo. Foni inalemba chenjezo, 5.

"Abambo, dzina!"

"Usandithamangitse, Rozina. Ndikucheza ndi mlendo."

"Yatsala 3, abambo, chonde!"

Pamenepo anatifulatira ine ndi a Mbewe, anabweretsa foni pakamwa penipeni, n'kuyamba kunong'ona. Ndinatchera khutu koma mphepo inali ikuwomba m'mapesi. Ananong'ona kanthawi ndithu. Atatembenuka, galasi linali lakuda.

"Mwati ndani?" ndinafunsa.

"Wamva mwini wake. Amake akuuza."

"Nanga ngati inazima musanamalize?"

"Ndiye ubweranso," anatero, akuvala chipewa. Maso awo anali ofiira, ndipo potsika chulu analola kuti ndiwagwire mkono.

Ndinapsa mtima, kunena zoona. Nambala ya Felesiya sindinaisunge pamtima, inali m'foni yakufayo, ndipo m'mudzi monse munalibe chingwe cholowa. Ndinawanyengerera abambo pa chakudya, ndinawanyengerera m'mawa ndikuwathira madzi osamba. Anangondipatsa thumba la mtedza n'kunena kuti theka ndi la mkazi wawo wa ku Joni, ndione m'mene ndingatumizire.

A Mbewe anabwera 6 koloko monga tinapangana. Njira yonse ndinkangoganiza za Princess. Pa boma tinafika 8 itadutsa, magetsi atayaka. Ndinagula tchaja ya K4,500 mu shopu yoyamba yomwe ndinaona, n'kupempha mwini shopu kuti ndibaye pakhoma pake. Foni inatenga nthawi kuti idzuke. Itadzuka, panalowa uthenga wa mawu wa Felesiya.

"Asisi, zinamveka zonse, inazima atamaliza. Anamuitana katatu. Anati, Rozina, Rozina, Rozina, ukadzakula uzidzabwera kwanu ngati mwini dzinali, amene amabwera ngakhale zivute bwanji. Tili pa mzere ku ofesi. Adzina anu akuyamwa."

Ndinamvetsera kawiri. Kachitatu sindinathe. Ndinalira mu shopu ya munthu, pakati pa mapaketi a shuga ndi sopo, mwini shopu n'kundikokera mpando osafunsa kanthu. Zaka zonsezi abambo sananenepo liwu limodzi za kusabereka kwanga, ndipo ine ndinkayesa kuti ndi manyazi. A Mbewe, amene anali asanachoke, anafunsa ali pakhomo kuti, "Zafika?" Ndinagwedeza mutu. Anandibwezera simu ija, ine ndinati aisunge, ndidzaifuna mwezi wamawa pa chulu pomwe paja.

Amene mukufuna kugula foni, funsani kaye ngati imalola simu iliyonse, ndipo funsani anthu akwanu netiweki imene imagwira kumudzi, osati ya m'tauni. Tchaja muziika m'chikwama musanavale nsapato. Ine zimenezi ndinaziphunzira ndi mtima uli m'mwamba.

M'minibasi yobwerera ku Lilongwe ndinakhala ndi mtsikana wa mwana kumsana. Anaona chithunzi pa foni yanga n'kufunsa kuti, "Ndi wanu?"

"Ndi adzina anga," ndinatero.

Foni inali pa 28, koma ndinamupatsa kuti aone bwino, ndipo itayamba ulendo wopita mpando wakumbuyo sindinailetse.