Masewero Amene a Pyo Anakana Kubwereza

A Pyo Man-sik akhala akuchapa ndi kusita zovala za anthu mumsewu wathu muno mu Mokpo kuyambira ine ndisanakwatiwe. Ndi mkulu wa mpingo, wamfupi, wadazi, ndipo malaya a iwo eni sakhala ositidwa bwino. Pamwamba pa sitolo yawo ndi pomwe ine, Mayi Ok, ndimayendetsa chipinda cha masewero a baduk: mathabwa a mizere, timiyala takuda ndi toyera, ndi khofi amene madala odzasewera amamunyoza uku akumwa.

Masana aliwonse a Pyo ankasiyira akazi awo, a Myeong-ja, simbi ndi makasitomala, nkukwera kudzasewera. Ntchito ikachuluka, mayiwo ankagogoda ndi mpini wa tsache paipi ya nthunzi imene imachokera m'sitolo kudutsa pakona ya chipinda changa. A Pyo ankagunda phazi pansi, kutanthauza kuti ndamva, koma sankanyamuka masewero asanathe. Tonse tinkaseka, ndi ine ndemwe.

Mnzawo wosewera naye anali a Seol, amene anaphunzitsa sayansi kusekondale mpaka kupuma ntchito, munthu woti kutchalitchi amapitako pamaliro pokha. Awiriwa ankasewera akukangana, ndipo mkangano wake unali umodzi chaka ndi chaka.

"Aphunzitsi, si inu nomwe munati mphamvu yogwira nyenyezi ikanangochepa pang'ono, dzuwa kulibe, ife kulibe? Ndiye anayeza ndani?"

"Palibe anayeza, Akulu ampingo. Chilengedwe si chimodzi chokhachi, zilipo zambirimbiri, zina zopanda kanthu. Ife tinangopezeka m'chimene chinagwa bwino. Mukamamwaza timiyalati pansi osatopa, tsiku lina tidzagwa pamzere."

"Mwazani tione ngati Mayi Ok sakuthamangitsani ndi tsache. Ndipo ngati zilipo zambiri, ndiye kuti Mulungu wanga ndi wamkulu kuposa mmene ndimaganizira. Zikomo, mwandiwonjezera nyimbo."

"Inu simugwirika, ngati sopo wonyowa. Ikani mwala, tikukalamba."

Ine ndinkatopa nazo. Anthu awiri osadziwa ndi komwe asiya magalasi awo, koma otanganidwa ndi kuyeza thambo. Komabe masewero akatha ankachita bokgi mwaulemu wake: kubwereza kuyambira pachiyambi, mwala ndi mwala, akufunsana kuti ndikanaika apa zikanatha bwanji. Wokana bokgi kwathu kuno timamuona ngati mlendo wochoka osatsanzika, ndipo a Pyo anali asanakanepo.

Tsiku lina m'nyengo yozizira paipi inalira kamodzi. A Pyo anagunda phazi, maso ali pathabwa, pakuti tsikulo ankawina. Paipi siinalirenso. Atamaliza anagwirizana kuti bokgi adzachita mawa, ndipo a Pyo anatsika akuimba kanyimbo, nkupeza akazi awo atagwa pakati pa majekete opachikidwa, tsache lili m'manja. Dokotala anati unali mtima. Atamufunsa ngati kufulumira kukanathandiza, anati sangadziwe.

Maliro atatha a Pyo anabwereranso pampando wawo. Kusewera ankasewera, koma mwala womaliza ukangogwa ankakokolola timiyala tonse nkutuluka. Kutchalitchi anasiya kutsogolera pemphero, ndipo anauza abusa kuti akufuna kutula pansi udindo. Ine anandiuza poyera, ndikuwapatsa khofi.

"Mayi Ok, ngati Iye anayeza zonse, ndiye kuti anayezanso kuti ine ndikhale pampando uwu mkazi wanga akugogoda. Mulungu woteroyo ndikamuimirira bwanji pamaso pa anthu?"

Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinkaopa kuti akasiya tchalitchi sadzakhalanso ndi chowadzutsa m'mawa.

A Seol anasiyiratu mkangano uja. Anayamba kuyankhula za mtengo wa nsomba, za maondo awo. Koma munthu wophunzira akafuna kutonthoza mnzake amatenga chomwe ali nacho m'mutu, ndipo tsiku lina, a Pyo akuyamba kukokolola timiyala, a Seol anatsegula pakamwa.

"Akulu ampingo, ngati zilengedwe zilidi zambiri, ena amati kwinako munatsika. Kwinako mayi ali moyo."

Ndinafuna kuwathira khofi m'khosi mwa malaya. A Pyo anawayang'ana.

"Ndiye kuli Pyo wina amene akudya supu ya mkazi wanga lero? Iye wanzeru, ine chitsiru? Ndilozereni njira ndikamumenye." Anasiya kukokolola timiyala. "Aphunzitsi, musandinyengerere ngati mwana. Zilipodi?"

A Seol anavula magalasi. "Palibe anazionapo. Ndi masamu apapepala, mwina oona, mwina ayi. Ine ndimazikonda kwambiri chifukwa zimakupsetsani mtima."

A Pyo anakokera mbale ya timiyala takuda pafupi, nkuika kamodzi pakona ya thabwa. Kenako anadikira. A Seol anazindikira msanga kuposa ine kuti ndi masewero a tsiku lija, amene anali asanabwerezedwe, ndipo anaika koyera pomwe anaika tsikulo. Onse awiri ankakumbukira mwala uliwonse. Amatebulo ena anasiya kusewera.

Thabwa litadzaza theka, a Pyo anaima, mwala uli pakati pa zala.

"Paipi inalira apa."

"Inde, apa."

"Ndikananyamuka apa zikanatha bwanji?"

Pa bokgi funso limenelo limayankhidwa nthawi zonse. Munthu amasuntha timiyala nkuonetsa njira ina. A Seol sanasunthe kalikonse. Anagwira dzanja la a Pyo nkulitsitsira pomwe mwalawo unagwa tsikulo.

"Munaika apa, mnzanga. Za kwinako sindikuzidziwa, ngakhale dokotala sakuzidziwa. Thabwa lomwe tili nalo ndi ili. Tiyeni timalize."

Anamaliza. A Pyo analira osabisa nkhope, misozi ikugwera pamizere, ndipo a Seol ankaipukuta ndi mkono wa jekete lawo labwino. Kenako anatolera timiyala limodzi, aliyense mtundu wake.

Udindo uja sanautulebe, ngakhale sanandiuze kuti funso lawo linayankhidwa, ndipo ine sindifunsa. Mkangano unayambiranso sabata yotsatira, a Pyo akunena kuti ngakhale thabwa likhale limodzi, mizere yake anajambula ndi wina. M'sitolo tsopano amagwira okha, choncho amakwera mochedwerapo. Paipi ija nthunzi ikamadutsa imalira yokha nthawi zina. Ikalira, a Pyo amaika mwala wawo m'mbale, nkutsika kukaona.